Zili Mkati: Za Ntchito Zoima ndi Kambendera Kachikasu

Pali mawu awiri amene ndimawaopa pa msonkhano wa aphunzitsi kuposa ena onse, ngakhale ndi mawu aulemu ndithu. Mawu ake ndi akuti "zili mkati." Funsani za mabuku a Folomu 3 amene anapemphedwa teremu yatha, akuuzani kuti zili mkati. Funsani za malata a chimbudzi cha atsikana, zili mkati. Funsani ngati ana a Folomu 4 agwirako botolo lililonse mu labu chiyambire chaka, yankho ndi lomwelo: "Zili mkati, ahedi." Tonse timagwedeza mitu, mlembi amalemba m'maminitsi, kenaka tili pa mfundo yotsatira.

Vuto la mawu amenewa ndi lakuti amanyamula zinthu ziwiri zosiyana m'thumba limodzi. Nthawi zina amatanthauza kuti ntchito ikuyendadi ndipo pofika Lachisanu ikhala itatha. Nthawi zina amatanthauza kuti ntchitoyo inaima milungu isanu yapitayo, mwiniwake akudikira siginecha, ndalama, kiyi kapena munthu wina amene sakuyankha foni, koma safuna kuoneka wolephera pamaso pa anzake. Womvera alibe njira yodziwira kuti wapatsidwa tanthauzo liti. Timadzadziwa mu June, mayeso ali pakhomo, pamene palibenso chimene munthu angachite.

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga kuno kwa Mwambo, lero ndati ticheze za chinthu chimene chikuoneka ngati chili kutali ndi choko ndi bolodi. Ndikunena za mmene anthu opanga mapulogalamu a pa kompyuta amasonyezera kuti ntchito yaima. Musathawe, ine sindine katswiri wa makompyuta, ndipo nkhaniyi ikathera mu sitafu rumu mwathu momwemo.

Mmodzi mwa anyamata amene ndinawaphunzitsa zaka zapitazo amagwira ntchito pa kampani ina yopanga mapulogalamu ku Lilongwe. Atabwera kudzaona makolo ake pa Khirisimasi, anadzera kunyumba kwanga ndi laputopu yake. Pa sikirini panali bolodi logawidwa m'zigawo zinayi kuchokera kumanzere kupita kumanja: zoti zichitidwe, zimene zikuchitika, zimene zikuyesedwa, ndi zimene zatha. Ntchito iliyonse inali kakhadi, kolembedwa dzina la ntchitoyo ndi la munthu amene waitenga. Ntchito ikamayenda, kakhadi kamasuntha kupita kumanja. Makhadi ambiri anali oyera, koma awiri anali achikasu ndipo anali ndi kachizindikiro ka mbendera.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, achikasuwa alakwa chiyani?"

"Aphunzitsi, amenewa ndi oima. Ili ndi langa. Ndikudikira anthu a ku banki ina kuti atipatse chilolezo cholumikiza pulogalamu yathu ndi yawo. Lero ndi tsiku lachitatu."

"Ndiye waika wekha chizindikiro choti bwana wako aone kuti ntchito yako siikuyenda? Sukuopa?"

Anaseka. "Ndingaope bwana atapeza kuti ndinakhala chete masiku atatu, aphunzitsi. Mbenderayi ikakwera, vuto si langanso ndekha."

Pulogalamu imene ankagwiritsa ntchitoyo dzina lake ndi Jira. Inapangidwa ndi kampani ya Atlassian ya ku Sydney, Australia, imene Mike Cannon-Brookes ndi Scott Farquhar anayambitsa mu 2002. Mu Jira munthu akaika mbendera pa khadi, khadilo limasanduka lachikasu pa bolodi, ndipo angathe kulembapo chifukwa chake. Mtsogoleri wa gulu angathenso kuuza pulogalamuyo kuti imuonetse makhadi okhawo amene ali ndi mbendera, ndiye m'masekondi ochepa amaona zonse zimene zaima. Palinso mapulogalamu ena ofanana nayo, monga Trello, imene inatuluka mu 2011 ndipo Atlassian yomweyo inaigula mu 2017. Mayina ndi ambiri koma ganizo ndi limodzi.

Nditafufuza bwino, ndinapeza kuti anthu odziwa ntchitoyi amalimbikira zinthu zitatu pa nkhani ya mbendera. Choyamba, khadi loima silichoka m'chigawo chimene laimira. Magulu ena amapanga chigawo chapadera cha ntchito zoima, koma ambiri amachenjeza kuti chigawo chotere chimasanduka dzala. Khadi likaponyedwa kumeneko anthu amaliiwala, komanso simudziwanso kuti linaimira pati. Likakhala pamalo pake ndi mtundu wake wachikasu, limasowetsa mtendere aliyense woyang'ana bolodi, ndipo ndicho cholinga chake. Chachiwiri, mbendera imayenda ndi chifukwa: chatsekereza n'chiyani, ndipo angachichotse ndani. Chachitatu, amawerenga masiku. Ntchito yoima tsiku limodzi ndi nkhani wamba, koma yoima masiku 15 imakwera kwa akuluakulu.

Pali lamulo linanso limene linandisangalatsa. Magulu ambiri amaika malire a makhadi amene angakhale m'chigawo cha "zimene zikuchitika" nthawi imodzi, ndipo khadi loima limawerengedwa ndithu m'malirewo. Kutanthauza kuti munthu sangasiye ntchito yoima n'kumangoyamba zatsopano mopanda malire. Makolo athu anazinena kale zimenezi: ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tayang'anani pa masukulu ndi m'midzi yathu muone maziko angati anakumbidwa pomwe nyumba ina ya pambali pake ilibe denga.

Ganizoli silinayambire pa kompyuta. Linayambira pa ulusi. Ku Japan, Sakichi Toyoda anapanga makina oombera nsalu amene amaima okha ulusi umodzi ukaduka, kuti asapitirize kutulutsa nsalu yowonongeka. Makina ake otchuka kwambiri a mtunduwu anatuluka mu 1924. Banja lomwelo litayamba kupanga magalimoto a Toyota, nzeruyi inalowa m'fakitale. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Taiichi Ohno ndi anzake anakhazikitsa njira yoyendetsera ntchito ndi timakhadi totchedwa kanban. Anaikanso chingwe pamwamba pa mzere wolumikizira magalimoto, chimene wantchito aliyense, ngakhale wolembedwa dzulo, ankaloledwa kukoka akaona vuto. Akakoka, nyali imayaka pa bolodi lotchedwa andon, kapitawo amathamangira pomwepo, ndipo vuto likapanda kutha msanga mzere wonse umaima. Taganizani: munthu wamng'ono kwambiri pa fakitale kukhala ndi mphamvu yoimitsa ntchito ya anthu mazanamazana, ndipo osadzudzulidwa.

Opanga mapulogalamu anadzatengera nzeruzi pambuyo pake. Mu February 2001 anthu 17 anakumana ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America, n'kulemba chikalata chachifupi cha njira yogwirira ntchito imene anaitcha Agile. Mwa iwo munali Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, eni ake a njira yotchedwa Scrum. Mu Scrum gulu limakumana tsiku lililonse kwa mphindi 15 zokha, ndipo ambiri amachita msonkhanowu ataimirira kuti wina asatalikitse nkhani. Kwa zaka zambiri aliyense ankayankha mafunso atatu: dzulo wachita chiyani, lero uchita chiyani, ndipo chikukutsekereza n'chiyani. Mu 2020 eni ake anachotsa mafunsowa m'buku la malangizo a Scrum kuti magulu azisankha okha kayendetsedwe ka msonkhano, koma funso lachitatulo ndi lomwelo limene kambendera kachikasu kaja kamayankha.

Musaganize kuti azungu amabadwa ndi mtima woulula mavuto. Mu 2006 kampani ya Ford inaluza ndalama zoposa madola 12 biliyoni. Chaka chomwecho inalemba bwana watsopano, Alan Mulally, wochokera ku Boeing. Iye analamula kuti Lachinayi lililonse mabwana onse azibwera ndi malipoti okhala ndi mitundu: wobiriwira ngati zili bwino, wachikasu ngati pali nkhawa, wofiira ngati zaima. Kwa milungu ingapo malipoti onse ankabwera obiriwira, kampani ikumira. Tsiku lina Mark Fields anabwera ndi lipoti lofiira pa galimoto yatsopano ya Ford Edge, imene inali ndi vuto pa chitseko cha kumbuyo. Anzake ankayembekezera kuti ntchito yamuthera, koma Mulally anaomba m'manja n'kufunsa amene angamuthandize. Misonkhano yotsatira malipoti anayamba kubwera ndi mitundu yonse. Fields yemweyo anadzakhala mkulu wa Ford mu 2014. Anthu oyendetsa mapulojekiti ali ndi dzina la malipoti onamawa: amawatcha mavwende, obiriwira kunja, ofiira mkati. "Zili mkati" wathu uja ndi chivwende chenicheni.

Kuno kwathu nzeruyi inayesedwapo, ndipo osati ndi makompyuta okwera mtengo. Mu 2011 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la JSI, unayamba kuyesa njira yotchedwa cStock m'maboma 6. Alangizi a zaumoyo amene amayendetsa tizipatala ta m'midzi ankatumiza SMS pa mafoni wamba kunena kuchuluka kwa mankhwala a ana amene atsala nawo, monga LA wa malungo ndi Thanzi ORS. Mankhwala akatha kapena akatsala pang'ono, uthenga unkafika kwa oyang'anira pa chipatala chaching'ono, ndipo a ku boma ankatha kuona pa kompyuta. Pambuyo pake njirayi inafalikira m'dziko lonse. Chimene chinandigwira mtima ndi ichi: zinayenda bwino kwambiri m'maboma amene, kuwonjezera pa ma SMS, munakhazikitsidwa magulu okumana kawirikawiri kuti aone malipotiwo ndi kuthetsa mavuto. Uthenga pawokha sunali wokwanira. Panafunika anthu okhala pansi n'kuuwerenga.

Nanga ife aphunzitsi chimatimanga pakamwa n'chiyani? Ndikuona zinthu zitatu. Choyamba ndi ulemu. Tinaleredwa kuti mwana sauza wamkulu nkhani yoipa mwachindunji, ndipo kunena pagulu kuti "ndikudikira siginecha ya ahedi" kumamveka ngati kuwaneneza ahediwo. Chachiwiri ndi manyazi. Mphunzitsi amakhala tsiku lonse ali wodziwa zonse pamaso pa ana 80, ndiye kuvomera kuti pali chimene chamuimitsa kumawawa. Chachitatu ndi kutopa. Munthu amene wanenapo vuto katatu popanda woyankha amaphunzira kukhala chete, ndipo simungamunene.

Koma pali kusokoneza kwina kumene chiyankhulo chathu chomwe chimatithandiza kukonza. "Ndakanika" ndi "yaima" ndi mawu osiyana. Wokanika ndi amene ali ndi zonse zofunika koma nzeru kapena mphamvu zamuchepera. Ntchito yoima ndi imene mwiniwake ali wokonzeka, manja ali m'mwamba, koma pali chinthu kunja kwa mphamvu zake chimene chatseka njira. Mphunzitsi wa Chemistry amene sakudziwa kuphunzitsa titration akufunika mnzake womuthandiza. Amene akudziwa bwino lomwe koma mu labu mulibe asidi akufunika asidi. Tikawaika onse m'gulu la olephera, onse awiri amabisala, ndipo mwana wa Folomu 4 amadzaona burette koyamba pa tsiku la mayeso a MSCE, manja akunjenjemera. Mwana ameneyu ndiye amalipira ulemu wathu ndi manyazi athu.

Inu amene munakulira pafupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala mukudziwa za ngalande. Ikatsekeka ndi udzu kapena matope, woyamba kudziwa ndi wa munda wa kumapeto, chifukwa madzi amasiya kufika kwa iye pomwe a kumtunda akuona ngati zonse zili bwino. Mlimi ameneyo akati akhale chete poopa kuoneka wovuta, mpunga wake umauma, ndipo patapita masiku wa mnzake nawonso umatsatira. Palibe amene amamutcha waulesi akapita kukauza komiti kuti madzi aima pakutipakuti. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kumunda timazidziwa zimenezi. Timaziiwala tikavala tayi.

Pa sukulu yathu tinaganiza zoyesa, popanda kompyuta ndi popanda intaneti, chifukwa netiweki ya kuno mukuidziwa. Tinatenga bolodi lakale limene linali kuseri kwa kabati, tinalikhoma mu sitafu rumu n'kuligawa patatu ndi choko: zoti zichitidwe, zikuchitika, zatha. Makhadi tinadula ku makatoni a choko, n'kumawamata ndi selotepi. Mbendera yathu ndi kapepala kofiira. Pa kapepalako munthu amalemba zinthu zitatu basi: chimene akudikira, amene angathandize, ndi tsiku limene ntchito inaima. Lolemba ndi Lachinayi timaima pa bolodipo mphindi khumi asembule isanayambe, ndipo timayambira pa makhadi ofiira, akale kwambiri patsogolo. Sitilemba ntchito ya tsiku ndi tsiku monga kulowa m'kalasi. Timalemba zimene zili ndi mapeto: kusindikiza mayeso a teremu, ma practical a Folomu 4, kukonza mjigo, mafomu a ana ofuna thandizo la fizi, kuchonga mayeso a mock.

Chinthu choyamba chimene bolodi linationetsa chinali choseketsa. Makhadi anayi a aphunzitsi anayi osiyana anali ofiira pa chifukwa chimodzi: inki ya makina osindikizira. Aliyense ankaganiza kuti vutoli ndi lake yekha ndipo ankadikira mwakachetechete. Titaona zinayi pamalo amodzi, nkhani inasiya kukhala ya munthu mmodzi wodandaula, ndipo ahedi anatuma wa kabaza tsiku lomwelo. Khadi la ma practical linakhala lofiira masiku 11, mpaka madamu ena ophunzitsa Chichewa, amene sakhudzana konse ndi sayansi, anati mlamu wawo amaphunzitsa pa sukulu ina ya mu kalasita mwathu ndipo kumeneko mankhwala a mu labu alipo. Tinabwereka. Nzeru imeneyi inali mu sitafu rumu momwemo nthawi yonseyi, koma madamuwo sakanainena chifukwa sankadziwa kuti pali amene akuifuna. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma mitu inayo iyenera kudziwa kaye kuti pali denga lofunika kusenza.

Sikuti zonse zinatheka ayi. Khadi la malata a chimbudzi cha atsikana linadutsa masiku 60 lili lofiira, chifukwa ndalama zake zimayenera kuchokera ku ofesi ina kutali ndi ife. Kapepala kofiira sikabala ndalama. Chimene kanachita ndi chakuti makolo a komiti ya sukulu atabwera anaona okha nambala ya masiku, ndipo kalata yachiwiri imene inapita ku ofesiko inali ndi madeti enieni m'malo mwa madandaulo wamba. Komanso palibe amene akanatha kunena pa msonkhano kuti nkhani ya chimbudzi ili mkati.

Anzanga ena ali ndi zifukwa zomveka zokanira njirayi, ndipo ndi bwino tizimve. Ena akuti mbendera idzasanduka pobisalira alesi, munthu adzamata kofiira n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. N'zotheka. N'chifukwa chake lamulo lathu limati womata kofiira ndiye mwini wake wolondola nkhaniyo, ndipo pa msonkhano uliwonse amanena chimene wachita kuti njira itseguke. Kunena kuti "sindinapeze nthawi" sikuloledwa kukhala mbendera. Ena akuti kulemba dzina la munthu amene akuchedwetsa ntchito ndi kuyambitsa udani, makamaka kuno kumene timapemphera limodzi ndi kukumana pa maliro. Apanso ali ndi mfundo. Ife tinagwirizana kuti tizilemba chinthu, osati munthu: "siginecha ya cheke", osati "a uje akukana kusaina." Ndipo tinawapempha ahedi kuti khadi loyamba lofiira likhale lawo. Anavomera, ndipo ndikukhulupirira kuti popanda zimenezo bolodi lija likanabwerera kuseri kwa kabati pasanathe mwezi. Nkhani ya Ford ija ikuphunzitsa zomwezo: anthu amayang'ana nkhope ya bwana pa tsiku limene munthu woyamba wanena zoona.

Pali mbali ina imene ndimaiganizira kwambiri, ya ana athu. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona ndi maso athu mabwato atagona pa matope ong'ambika ku Kachulu. Nyanja ikaphwa, matemba ndi makumba zimasowa, ndipo pamodzi ndi nsombazo imasowa fizi, sopo ndi chakudya cha m'mawa. Madzi akachuluka mopitirira, monga pa namondwe wa Freddy mu March 2023, minda imamira ndipo njira zimaduka. Pa nthawi zonse ziwirizi ana amayamba kujomba, tsiku limodzi, masiku atatu, sabata. Mu rejisitala mumangolembedwa kuti sanabwere, ndipo tikafunsa anzake amati "abwera." Amenewo ndi "zili mkati" wa ana. Pofika podziwa zoona, mtsikana wakwatiwa kapena mnyamata wapita ku Mozambique kukafuna maganyu.

Mwana si khadi, ndipo dzina lake ndi mavuto a kwawo siziyenera kupachikidwa pa khoma kuti aliyense aziwerenga. Koma lamulo lowerenga masiku limagwira ntchito. Mphunzitsi wa kalasi akaona kuti mwana wajomba masiku atatu otsatizana, asadikire msonkhano wa kumapeto kwa teremu. Anene kwa ahedi ndi kwa amayi a gulu loyang'anira atsikana sabata yomweyo, ndipo pakhale munthu wodziwika amene apite kunyumba kwa mwanayo. Pa tsiku lachitatu chotsekereza chimakhala yunifolomu yong'ambika kapena ndalama zochepa za mayeso. Pa tsiku la 40 chimakhala chinthu chimene sitingachibwezenso.

Tonse a kuno tikukumbukira msewu wa Zomba–Jali–Phalombe–Chitakale, wa makilomita pafupifupi 100. Ntchito yake inayamba m'nthawi ya Bingu wa Mutharika ndipo inatenga zaka zoposa khumi. Ena mwa inu munalowa Folomu 1 mukudya fumbi la msewuwo, munalemba MSCE, munakwatira, fumbi likadalipo. Nthawi zina ndimaganiza kuti zikanakhala bwanji pakanakhala chikwangwani pa Jali cholembedwa zinthu zitatu zathu zija, chosinthidwa mwezi uliwonse: ntchito yaimira pati, ikudikira chiyani, ndipo lero ndi tsiku lachingati. Chikwangwani sichikanathira phula. Koma chikanatipatsa funso lenileni lofunsa aliyense wobwera kudzapempha voti, m'malo momangomva kuti ziyamba posachedwa. Chimodzimodzi ndi midadada ya makalasi, milatho ndi nyumba za aphunzitsi zimene zaima pa mawindo m'madera ambiri. Zikwangwani zake zimanena amene anapereka ndalama ndi tsiku loyamba ntchito, koma za tsiku limene ntchito inaima sizinenapo kanthu.

Kwa aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi laling'ono. Simukufunika Jira, laputopu kapena ndalama za bandulo. Mukufunika bolodi, makatoni, kapepala kofiira ndi mphunzitsi wamkulu amene angathe kumva nkhani yoipa osakwinya nkhope. Ngati bolodi likuoneka lochuluka, yambani ndi funso limodzi. Pa msonkhano wotsatira, wina akanena kuti zili mkati, mufunseni mwaulemu kuti, "Pepani aphunzitsi, zikuyenda kapena zikudikira china chake?" Akati zikudikira, funsani kuti chiyani, kuyambira liti, ndipo ndani mwa ife angathandize. Musamufunse kuti n'chifukwa chiyani sananene kale. Funso limenelo ndi limene limatseka pakamwa pa wotsatira.

Kwa inu amene ndinakuphunzitsani, ena ndinu anamwino, ena apolisi, ena makalaliki, ena muli ku Joni, ena muli pa nyanja pomwe pano ndi maukonde anu. Ambiri a inu muli ndi mabwana, ndipo ena tsopano ndinu mabwana. Ngati muli pansi pa wina, nenani msanga ntchito ikaima, ndipo nenani ndi chifukwa chake ndi deti lake. Ngati muli ndi anthu pansi panu, kumbukirani kuti amene wakubweretserani nkhani yoipa pa tsiku lachiwiri wakupatsani nthawi yoikonza. Muthokozeni pamaso pa anzake, kenaka mufunseni chimene akufuna kuti ntchito iyambenso kuyenda.

Mmene ndikulemba pano, pa bolodi lathu pali makhadi 14, ndipo atatu ndi ofiira. Limodzi ndi la mipando ya mu holo yolembera mayeso, likudikira kalipentala amene ali pa maliro a mayi ake. Limenelo tilisiya lidikire, ndipo Loweruka tipita kukapepesa. Tionana Lachinayi pa bolodi.